Khansa ya Kummero: Kodi Pali Kachilombo?

Matendawa amayamba ndi nyama. Munthu amene wakhala akudya kanyenya wa mbuzi pa Dyeratu kapena pa Nchalo moyo wake wonse, tsiku lina amamva nthuli itaima pachifuwa, ndipo amaitsitsa ndi madzi. Pakapita milungu ingapo nsima nayo imayamba kukana. Amatema mbamu zing'onozing'ono n'kumaziviika kwambiri m'therere, a m'nyumba n'kumangoti bambo masiku ano akuchedwa pa mbale. Kenako mayi amayamba kuwaphikira phala, poyamba lolimba, pambuyo pake lamadzimadzi losefa. Pomaliza ngakhale malovu sadutsa, ndipo pambali pa mphasa pamakhala kachitini kolavuliramo. Njala akuimva, chakudya akuchiona, koma njira yatsekeka. Kuchokera pa nthuli ija kufika pa kachitini, kawirikawiri sipatha chaka.

Kwa Lundu, monganso m'midzi ina ya m'chigwa cha Shire, achibale akaona zotere amayamba kufunsana. Ena amati wadyetsedwa. Ena, amene akhala zaka zambiri akumva uphungu wa Edzi ku sikelo ndi pa wailesi, amafunsa kuti kodi si kachilombo kameneka, nanga mbale ndi kapu yake tizipatule? Funso la kachilomboli si la kumudzi kokha. Madokotala a m'mayiko ambiri akhala nalo kwa zaka zoposa 40, ndipo mbali ina ya yankho lake inachokera m'zotupa za odwala a ku Malawi konkuno.

Mmero ndi njira ya chakudya, yotalika masentimita pafupifupi 25, yochokera pakhosi kudzera kuseri kwa mtima mpaka m'chifu. Mkati mwake mwayalidwa khungu lofewa la maselo athyathyathya, ndipo mwa odwala khumi a kuno, asanu ndi anayi khansa yawo imayambira m'maselo amenewa. Ku Ulaya ndi ku America kwachuluka mtundu wina, woyambira kumunsi pafupi ndi chifu, umene umayendera limodzi ndi kunenepa komanso chilungulira cha nthawi yaitali. Umenewo si nkhani yathu pano. Mtundu wathuwu wadzaza m'mayiko a kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia, kudutsa Kenya, Tanzania, Malawi ndi Zambia, mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organization imene ili ku Lyon, mu 2018 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa kuchuluka kwa khansa ya kummero poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu.

Chifukwa chimene anthu anakayikirira kachilombo chimaoneka bwino tikayang'ana kaundula wa khansa wa dziko lino. Pakati pa 2007 ndi 2010 analemba odwala atsopano 18,946. Mwa 100 alionse, 34 anali ndi khansa ya Kaposi, ija ya zigamba zakuda pakhungu ndi miyendo yotupa. 25 anali ndi khansa ya khomo la chiberekero. 12 anali ndi ya kummero. Pafupifupi 6 anali ndi ya m'maanabere, ndipo pafupifupi 3 anali ndi ya chikhodzodzo. Khansa ya Kaposi imayambitsidwa ndi vayirasi imene Yuan Chang ndi Patrick Moore anaitulukira mu 1994, ndipo imalusa HIV ikafooketsa thupi. Ya khomo la chiberekero imayambitsidwa ndi vayirasi yotchedwa HPV. Yambiri ya m'maanabere, makamaka mwa ana, ili ndi vayirasi ya Epstein-Barr mkati mwake. Ya chikhodzodzo kuno imatsatira likodzo, limene aliyense wokulira m'mbali mwa Shire kapena m'ngalande zothirira mbewu amalidziwa. Pa khansa zisanu zotsogola, zinayi zili ndi kachilombo kodziwika dzina. Ya kummero yokha ndiyo yakhala pakati pawo yopanda mwini. Ndani akanalephera kuganiza kuti nayonso ili ndi kake kobisala?

Ndiponso mbiri inali itaphunzitsa kale madokotala kuti mapu a matenda amaloza kachilombo. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni ku Kampala, anafotokoza chotupa cha nsagwada cha ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000, kufunsa m'zipatala zoposa 50, ndipo anadutsanso mu Nyasaland. Anaona kuti chotupacho chimakonda malo otsika, otentha ndi achinyontho, m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, kumene kuli udzudzu wambiri. Patangopita zaka zitatu, mu 1964, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza vayirasi m'maselo a chotupacho ku London. Imeneyo inali vayirasi yoyamba kupezeka mu khansa ya munthu, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti imachita zimenezi mothandizana ndi malungo. Choncho ofufuza ataona kuti khansa ya kummero nayo ili ndi madera ake, kuno kwathu, ku Linxian ku China ndi ku Golestan ku Iran, anayembekezera nkhani yofanana.

Woyamba kuloza chala HPV anali Kari Syrjänen, dokotala wopima minofu wa ku Finland, mu 1982. Poyang'ana zotupa za kummero pa makina okuza zinthu, anaona maselo ofanana ndi a njerewere za kumaliseche. Nthawi yake inali yomweyo imene Harald zur Hausen wa ku Germany anapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984 m'zotupa za khomo la chiberekero, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2008. Khungu la kummero ndi la khomo la chiberekero ndi la mtundu umodzi. HPV yomweyo inadzapezeka kuti imayambitsa khansa ya kukhosi kwenikweni, m'matonsi ndi kutsinde kwa lilime, malo oyandikana ndi pamene mmero umayambira. Zonse zinkaoneka kuti zikugwirizana.

Umboni wina unachokera m'khola, ndipo alimi a ng'ombe a ku Ngabu ndi ku Bangula angaumvetse msanga. Ku mapiri a ku Scotland, William Jarrett ndi anzake a ku Glasgow anaona m'ma 1970 kuti ng'ombe zambiri zimatuluka njerewere kummero chifukwa cha vayirasi ya banja lomwelo la HPV. Ng'ombe yathanzi njerewerezo zimauma zokha pakapita chaka. Koma ng'ombe zodya chomera china cha m'mapiri cha mtundu wa fern, chimene chili ndi poizoni wofooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kuwononga maselo, njerewere zake sizichoka, ndipo zina zimasanduka khansa. Chodabwitsa n'chakuti pofika nthawi imene chotupa chasanduka khansa, vayirasi ija simapezekamonso. Inayatsa zinthu n'kuchoka. Nkhani imeneyi inapatsa mphamvu anthu amene ankati mwa munthunso zikhoza kukhala choncho.

Kenako kunabwera zaka zosokoneza mutu. Njira yopimira yotchedwa PCR itafala, ofufuza m'mayiko ambiri anayamba kusaka DNA ya HPV m'zotupa za kummero. Ena sanaipeze ngakhale m'chotupa chimodzi. Ena anaipeza pafupifupi m'zonse. Nthawi zina magulu awiri opima odwala a dera limodzi ankatulutsa zotsatira zosiyana kutalitali. PCR imakuza kachidutswa kochepetsetsa ka DNA kukhala mamiliyoni, moti mpeni umene wadula chotupa cha khomo la chiberekero m'mawa, ukadula cha kummero masana osatsukidwa bwino, ukhoza kunamiza kafukufuku yense. HPV imapezekanso m'kamwa mwa anthu ena athanzi, ndipo imatha kumezedwa ndi malovu.

Kupeza phazi la munthu m'munda wobedwa chimanga sikutanthauza kuti wakuba ndi iyeyo; muyenera kuona chimene chachitikira mlonda. Selo lililonse lili ndi mlonda wake wotchedwa p53, amene amaletsa selo lowonongeka kuti lisaswane. HPV ikamayambitsa khansa imapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E6 imagwira p53 n'kumuchotsa pa ntchito, koma malangizo opangira p53 mu DNA amakhala osakhudzidwa. N'chifukwa chake mu khansa ya khomo la chiberekero malangizowo nthawi zambiri amapezeka ali bwinobwino, kwinaku E6 ndi E7 zikugwira ntchito mu selo lililonse la chotupacho. Mu khansa ya kummero zinthu ndi zosiyana. Pafupifupi zotupa zisanu ndi zinayi mwa khumi zili ndi malangizo a p53 owonongeka enieniwo, kusonyeza kuti china chake chinawaswa mwachindunji, osati vayirasi yofuna kungowazemba.

Ku Malawi kunachitika kafukufuku awiri oyenera kuwaika pamodzi. Pa chipatala chachikulu cha Zomba, madokotala a kuno ndi a ku Germany anapima odwala 40 ndipo mu 2018 analengeza kuti anapeza DNA ya HPV 16 mwa 6. Limenelo ndi phazi m'munda. Koma mu 2016 gulu lina, logwira ntchito ndi chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi University of North Carolina, linali litawerenga mozama malangizo a m'maselo a zotupa za odwala 59 a ku Malawi, kusaka chilichonse chosakhala cha munthu. Sanapeze HPV kapena kachilombo kena kobisala. Anapeza p53 wowonongeka ndi zilema zina zofanana ndi za odwala a ku Asia ndi ku America. Ku Lusaka, Violet Kayamba ndi anzake a pa University Teaching Hospital anatulutsa zotsatira mu 2015 zosonyeza kuti HIV ndi utsi wa m'nyumba zimayendera limodzi ndi khansayi, koma HPV ayi.

Kunja nakonso mayankho analoza komweko. Kafukufuku wa InterSCOPE wa mu 2012 anapima magazi a odwala oposa 1,500 a ku South Africa, Australia, Brazil, Iran, China ndi kum'mawa kwa Ulaya, ndipo anapeza zizindikiro za HPV yoyambitsa khansa mwa anthu ochepa kwambiri. Mu 2017 ofufuza a The Cancer Genome Atlas anapima zotupa 164 osapeza umboni woti HPV ndiyo gwero. Mu 2021 gulu lina linawerenga DNA yonse ya zotupa 552 za m'mayiko asanu ndi atatu, Malawi, Kenya ndi Tanzania ali momwemo, ndipo silinapeze chipsera chimodzi chapadera chosiyanitsa mayiko odwala kwambiri ndi odwala pang'ono. Vayirasi ya Epstein-Barr, imene imapezeka mu khansa ya kuseri kwa mphuno ndi mu zina za m'chifu, nayonso mu khansa ya kummero ya mtundu wathuwu ndi yosowa. IARC siiwerengera HPV m'gulu la zoyambitsa khansa ya kummero zotsimikizika. Alipobe ofufuza amene amakumbutsa za ng'ombe za ku Scotland zija, kuti mwina vayirasi imayatsa n'kuchoka, koma mfundo yotere ndi yovuta kuitsimikiza mwa munthu, ndipo palibe chipatala chimene chingaimire pamenepo pothandiza wodwala. Ngati HPV ili ndi mbali, ndi mwa odwala ochepa zedi.

Kwa banja la kwa Lundu, tanthauzo lake ndi lomveka. Khansa ya kummero siyopatsirana. Kudyera mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi, kutaya kachitini ka malovu kaja, palibe chimene chingakupatseni matendawa. Munthu amene akufa ndi njala chakudya chili pamaso pake sayenera kuwonjezeredwa chisoni cha kupatulidwa. Komanso katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019 atamuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba, sanapangidwire mmero. Ntchito yake ndi kuteteza khomo la chiberekero, ndipo popeza khansa imeneyo ndiyo ikupha amayi ambiri m'dziko muno, mtsikana aliyense ayenera kubayidwa.

Nkhani ya HIV ndi yosiyana ndipo iyenera kunenedwa mosamala, makamaka m'maboma ngati Nsanje ndi Chikwawa kumene mabanja ambiri ali ndi wina womwa ma ARV. HIV siyisandutsa selo la kummero kukhala khansa. Imafooketsa chitetezo chimene chimasesa maselo olakwika asanakule, ndipo kafukufuku wa ku Lusaka uja anasonyeza kuti zimenezi zimakweza chiopsezo. Koma singakhale gwero la vuto lathu, chifukwa khansayi inali itadzaza kale Edzi isanamveke. R.J.W. Burrell anaifotokoza pakati pa anthu a ku Transkei ku South Africa mu 1957, ndipo m'ma 1960 inali yodziwika m'zipatala za ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia. Khansa ya Kaposi inakwera mowirikiza Edzi itafika. Ya kummero sinalumphe motero.

Pali msampha umodzi umene HIV yatchera odwala, ndipo ndi umene ine ndimauopa kuposa ina yonse. Munthu wa chitetezo chofooka amatha kutuluka zilonda zoyera za mafangasi m'kamwa ndi kummero, zimene zimapweteka pomeza ndipo zimachira ndi mapiritsi a fluconazole a masiku pafupifupi 14. Mavayirasi a herpes ndi CMV nawo amatha kuboola zilonda kummero kwa munthu amene CD4 yake yatsika kwambiri; zimenezo ndi zilonda, si khansa. Popeza mafangasiwa ndi ofala, munthu wodandaula za kumeza nthawi zambiri amapatsidwa mapiritsiwo n'kubwerera kwawo. Akakhala kuti vuto linali mafangasi, amachira. Akakhala kuti ndi chotupa, amataya mwezi, kubweranso, kulandira ena, kutaya mwezi wina. Kusiyana kulipo ndipo wodwala akhoza kukufotokoza yekha: mafangasi amapweteka chakudya chikamadutsa, pamene chotupa chimaimitsa chakudya, kuyambira cholimba kupita ku chamadzi, thupi likutha. Mapiritsi akatha chakudya chikuimabe, chotsatira chake ndi kupima mkati, osati mapiritsi ena.

Nanga ngati si kachilombo, n'chiyani? Zimene zapezeka n'zambiri, ndipo zimaoneka kuti zimathandizana. Chimodzi ndi kutentha kwa zimene timameza. Mu 2016 IARC inanena kuti zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansayi, chifukwa zimawotcha khungu la kummero tsiku ndi tsiku, maselo n'kumangokhalira kudzikonza. M'chigawo cha Kilimanjaro ku Tanzania anayeza tiyi wamkaka m'makapu a anthu ndipo anapeza kuti ambiri amayamba kumwa ali pa madigiri pafupifupi 70. Kafukufuku wa ESCCAPE, amene ku Malawi anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anafunsa odwala ndi anthu athanzi mafunso osavuta: mumakonda tiyi ndi phala lotentha motani, mumadikira nthawi yaitali bwanji musanayambe, mumamwa mothamanga bwanji, mumapsa kangati m'kamwa? Zotsatira za mu 2022 zinasonyeza kuti omwa zotentha kwambiri, mwachangu ndi mosadikira ndiwo amadwala kwambiri. M'chigwa muno, mmene dzuwa la Okutobala limapitirira madigiri 40, wodula nzimbe, wa kudimba ndi msodzi wa ku Elephant Marsh amalawirira kusanache kuti athawe kutentha, ndipo tiyi wa pa nthawi imeneyo amamwedwa choimirira, akufuka nthunzi. Kumusiya mphindi zisanu sikufuna ndalama.

China ndi utsi. Yohannie Mlombe ndi anzake a ku College of Medicine anapeza mu 2015 kuti kuphikira nkhuni, kusuta fodya ndi kudalira ufa woyera zinali zofala mwa odwala kuposa mwa athanzi. Yang'anani denga la khitchini ya udzu yopanda zenera, mmene mwaye walenjekerera ngakhale pa zitsononkho za mbewu zosungidwa pamwamba pa moto. Mayi amene amakhala pa mafuwa amenewo m'mawa ndi madzulo kwa zaka 30 amapuma ndi kumeza zomwezo, ndipo mu utsi wa nkhuni muli mankhwala a mtundu womwewo wa mu utsi wa fodya. Mwina n'chifukwa chake kuno amayi amene sanalawepo mowa kapena fodya amadwalanso khansayi. Kwa abambo, chingambwe ndi kachasu zimawonjezera. Neil McGlashan, katswiri wa za malo, analemba mu 1969 kuti khansayi ikutsata madera omwa kachasu kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi. Thupi limasandutsa mowa kukhala mankhwala owononga DNA, ndipo mowa ndi fodya zikakumana chiopsezo chimachulukana. ESCCAPE inaona mphamvu ya mowa moonekeratu ku Kenya ndi ku Tanzania kuposa ku Blantyre, zimene zikusonyeza kuti dera lililonse lili ndi kasakanizidwe kake. Kuguluka kwa mano ndi kusatsuka m'kamwa nazonso zaoneka mobwerezabwereza mwa odwala a kum'mawa kwa Africa.

Pa nkhani ya zakudya, chigwa cha Shire chili ndi chake chapadera. Ku Linxian anapeza kuti anthu a selenium wochepa m'magazi amadwala kwambiri khansayi. Selenium ndi mchere umene thupi limafuna pang'ono chabe, ndipo umalowa mu mbewu kuchokera m'nthaka. Nthaka yambiri ya ku Malawi siupereka mokwanira, moti ofufuza anawerengera kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse m'dziko muno ali pa chiopsezo chopereweredwa. Koma makande, dothi lakuda lija long'aluka m'chilimwe n'kumata makasu m'dzinja, ndi losiyana. Kafukufuku wa mu 2013 anayerekeza amayi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa ndi a ku Zombwe ku Mzimba, ndipo anapeza kuti a ku Mikalango amadya selenium wochuluka mowirikiza kangapo, zimene zinaonekanso m'magazi awo. Zimenezi sizikutanthauza kuti wa m'chigwa ndi wotetezeka. Si minda yonse ili pa makande, ndipo m'zaka za madzi osefukira monga 2015, 2019, 2022 ndi 2023 ufa wa m'miphika yambiri umachokera ku nthaka za kutali. Koma chigwachi ndi malo amene funso la selenium likhoza kuyesedwa bwino, ngati odwala ake atawerengedwa mokwanira.

Kuwerengako n'kumene kumavuta, chifukwa khansa ya kummero imatsimikizika pokhapokha dokotala atalowetsa kapaipi ka kamera kudzera m'kamwa, kuona chotupacho ndi kudulako kachidutswa kokapima. Kupima kumeneku kumachitika makamaka m'zipatala zikuluzikulu. Wodwala wa kwa Lundu amayambira pa chipatala chaching'ono, kupita ku Montfort ku Nchalo kapena ku chipatala cha boma ku Chikwawa, kenako n'kulandira kalata yokwera phiri la Thabwa kupita ku Queen Elizabeth, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pa Nchalo. Wa ku Nsanje boma ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 180, ndipo amafunika womudikirira, ndalama ya minibasi ya anthu awiri ndi chakudya cha wodikirirayo. Ambiri amafika chotupa chitatseka kale njira, ena safika n'komwe ndipo salowa mu kaundula aliyense. Ofika mochedwa madokotala amawaikira kapaipi ka waya wofutukuka, kotchedwa stent, pamalo potsekekapo. Sikachiza khansa, koma munthu amene amalephera kumeza malovu amatha kumwa thobwa ndi phala tsiku lotsatira, n'kubwerera kwawo kukakhala ndi ana ake miyezi imene yatsala. Amene chotupa chawo chapezeka chidakali chaching'ono ndiwo angathandizidwe ndi opaleshoni, mankhwala a khansa kapena kuwotcha ndi cheza, ndipo oterowo adzachuluka pokhapokha kapaipi ka kamera kaja, ndi munthu wodziwa kukagwiritsa ntchito, zitamatsika Thabwa kawirikawiri kukapima anthu ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje.